Golide wa mufoni zakufa ndi utsi wa mawaya: zitsulo izi tingazichotse bwanji osadziwotcha mapapo?

Pansi pa tebulo la achimwene anga amene amakonza mafoni mu tauni ya Lusaka, chakufupi ndi Katondo Street uko, pali katoni ya sopo yodzaza mabodi a mafoni akufa, ena anagwera m'madzi ena anapsa ndi chaja yabodza, ena eni ake anangowasiya osabweranso. Tsiku lina ndinawafunsa kuti achimwene izi mumasungiranji, akuti pamabwera anyamata kudzagula pa sikelo, koma komwe amapita nazo iwo sadziwa ndipo sanafunsepo. Madzulo ake omwewo ndikubwerera ku komboni ndinaona utsi uja wakuda bii kuseli kwa njanji, anyamata atatu aunjika mawaya pamwamba pa tayala ayatsa, wina akutembenuza ndi chitsulo, maso ali psuu, wamng'ono pa onse mwina zaka 13 chabe. Fungo lake limakhala pakhosi mpaka kunyumba. Kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi sinandichoke m'mutu, chifukwa zitsulo zili m'zinyalala izi ndi ndalama zenizeni, palibe wonama apa, koma njira imene tikuzichotsera ikudya anthu.

Tiyambe ndi zomwe zili mkatimo. Bodi yobiriwira ija ya mufoni kapena mukompyuta ndi magalasi a ulusi omatidwa ndi guluu wolimba, ndipo pakati pake pali timizere ta kopa tosanjikizana, moti pa kulemera kwa bodi kopa yekha amatha kufika gawo limodzi mwa magawo asanu. Pomatira tizipangizo pali tini, ndipo m'zinthu zakale tini ameneyo anasakaniza ndi mtovu, ku Ulaya analetsa mtovu wa mtunduwu mu 2006 koma ma TV ndi mawailesi akale ali mbwee m'nyumba zathu. Golide ali pamalo pomwe zinthu zimakhudzana, taonani kachikasu kaja ka pa SIM khadi, timano ta m'mphepete mwa RAM (memori ya kompyuta), timapini ta purosesa, amamuika chifukwa sachita dzimbiri ndiye magetsi amadutsa bwinobwino zaka ndi zaka. Koma ndi wopyapyala kwambiri, wongopaka. Muliso siliva, paladiyamu mu timakapasita ting'onoting'ono, kobalti mu batire, ndi maginito amphamvu aja a mu hadi diraivi ndi musipika omwe ali ndi neodymium.

Manje apa ndi pomwe anthu amasokonezeka. Foni imodzi ili ndi golide pafupifupi 0.03 ya gilamu, kutanthauza kuti mufunika mafoni opitirira 30 kuti mupeze gilamu imodzi, ndiponso ngati simunataye kalikonse panjira. Ku Japan atafuna kupanga mamendulo a Olimpiki ya Tokyo 2020 kuchokera ku zinthu zakufa, anatolera matani pafupifupi 79,000 a zipangizo kuphatikizapo mafoni 6.21 miliyoni, ndipo golide anatuluka makilo 32, siliva makilo 3,500, buronzi makilo 2,200. Ndiye taganizani katoni imodzi ya achimwene anga. Komabe mukayerekeza ndi mgodi nkhani imatembenuka, mwala wa mumgodi wa golide ukakhala ndi magilamu ochepa chabe pa tani amati ndi wabwino, pomwe tani ya mabodi a mafoni imakhala ndi magilamu mazana. Chuma chilipo ndithu koma chinamwazikana m'madirowa a anthu, chimakhala chuma pokhapokha mwachisonkhanitsa. Lipoti la bungwe la maiko onse la UN lotchedwa Global E-waste Monitor la 2024 linati mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zinthu zamagetsi, zomwe zinatoleredwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo zinali 22.3 peresenti chabe, ndipo kuno ku Africa sizinafike ngakhale 1 peresenti. Zitsulo za m'zinyalala za chaka chimenecho anaziwerengera madola 91 biliyoni.

Za kuwotcha mawaya ndifuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi zomwe tikuona tsiku ndi tsiku, ku dzala la zinyalala la ku Chunga, kuseli kwa misika, m'mphepete mwa ngalande. Pulasitiki yokuta waya nthawi zambiri ndi PVC, ndipo PVC ili ndi klorini mkati. Ukaiwotcha pa moto wa panja, moto wosatentha mokwanira, umapanga poizoni wotchedwa dioxin, ndipo choipa kwambiri kopa yemweyo amathandizira kuti poizoniyo apangike msanga. Dioxin sachoka, amagwera pa dothi, nkhuku zimatola, amakakhala m'mafuta a thupi, amadutsa mpaka mu mkaka wa m'mawere. Ku Agbogbloshie mu mzinda wa Accra ku Ghana, malo omwe anatchuka dziko lonse ndi kuwotcha kotereku boma lisanawagwetse mu 2021, ofufuza anayeza mazira a nkhuku zoyenda pamenepo ndipo mu lipoti la 2019 anati dzira limodzi lokha linali ndi dioxin wopitirira ka 220 mlingo umene ku Ulaya amati munthu angapirire pa tsiku. Nkhuku zathu za m'komboni zimayenda chimodzimodzi, zimapalasa pa phulusa lomwelo, ndipo mazira ake timadyetsa ana. Chondiwawa china nchakuti kopa wowotcha amada, amatsika giredi, pomwe wosenda ndi mpeni amakhala wonyezimira ndipo ogula sikirapu amamuika pa mtengo wapamwamba. Mnyamata uja akutaya mapapo ndi ndalama pa nthawi imodzi, angowotcha chifukwa ndi zachangu ndipo palibe anamuonetsa china.

Ndiye palinso mavidiyo aja a pa YouTube ndi TikTok, munthu akuviika mabodi mu botolo la asidi kenako akuonetsa kampira ka golide m'manja. Asidi ameneyo amatchedwa aqua regia, ndi nitric ndi hydrochloric zosakaniza, imasungunuladi golide koma imatulutsa utsi wofiirira umene umawononga mapapo mwakachetechete, munthu amatha kumva bwino masana nkuyamba kubanika usiku. Ndipo vidiyo siionetsa komwe amathira madzi otsalawo, odzaza asidi, mtovu, kopa ndi zina. Kuno ku Lusaka zimenezo ndi zoopsa kuposa malo ambiri chifukwa mzinda wathu wakhala pa mwala wa laimu wobowokabowoka, madzi a pansi ali pafupi, a ku Kanyama ndi ku Chawama amadziwa mmene kumasefukira dzinja, chomwe wathira kuseli kwa nyumba lero chimakapezeka mu chitsime cha aneba. Tauni ya Guiyu ku China inayenda njira imeneyo kwa zaka zambiri mpaka madzi akumwa anayamba kuchita kubwera nawo kuchokera kwina, ana ambiri anapezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi.

Manje njira zabwino ndi ziti? Yoyamba, imene anthu amaiderera chifukwa ilibe dzina lalikulu, ndi manja ndi sikuludiraiva. Musanaganize za mankhwala aliwonse chinthu chimayenera kumasulidwa, batire payokha, mawaya paokha, aluminiyamu, chitsulo, mapulasitiki, maginito, ndipo mabodi nawonso kuwasiyanitsa, a mafoni ndi a makompyuta omwe ali ndi golide wambiri asasakanikirane ndi a bulauni aja a mu TV yakale ndi wailesi omwe ali ndi kopa chabe. Ku maiko olemera malipiro ndi okwera ndiye amangoponya zonse mu chigayo chachikulu, maginito akoka chitsulo, makina ena akankha aluminiyamu, koma pogayapo golide wambiri amathawira mu fumbi ndi kukakamira ku mapulasitiki. Manja a munthu amataya zochepa kuposa chigayo. Apa ife tili patsogolo osadziwa, anyamata okonza mafoni mu tauni amamasula foni mu mphindi ziwiri maso ali pa kasitomala wina. Ndipo kapasita kapena sikirini yomwe ikadali yamoyo ikabwerera mu foni ina, ndalama yake imaposa kutali chitsulo chimene mukanasungunula. Mawaya nawo pali makina ang'onoang'ono opukusa ndi dzanja osendera, ndipo mawaya opyapyala pali chigayo chowadula tizidutswa kenako tebulo logwedera limasiyanitsa kopa wolemera ndi pulasitiki wopepuka, mofanana ndi mmene amayi amapetera mpunga mu lichero. Kopa wobwezeretsa amadya magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi wochokera ku mwala, amatha kupulumutsa mpaka 85 peresenti, aluminiyamu mpaka 95.

Mabodi akasonkhana ndi pomwe pamabwera moto, koma moto wa mu ng'anjo yotsekedwa osati wa pa tayala. Umicore ku Hoboken ku Belgium, Boliden ku Rönnskär ku Sweden, Aurubis ku Germany, amaponya mabodi mu ng'anjo yotentha kupitirira madigiri 1,000, pulasitiki imakhala ngati nkhuni, kopa wosungunuka amakoka golide, siliva ndi paladiyamu nkumira nazo pansi, zosafunika zimayandama pamwamba. Kenako kopayo amamuyeretsa ndi magetsi ndipo matope otsala pansi pa thanki ndi momwe muli golide. Umicore imatulutsa zitsulo 17 zosiyanasiyana pa malo amodzi. Chinsinsi chake chili pa utsi, amauwotchanso kachiwiri, amauziziritsa mwachangu kuti dioxin asapangike, nkuusefa, ndipo mbali yosefera utsiyo imadya ndalama zoopsa. Wina anganene kuti nanga ife si tili ndi ng'anjo ku Mufulira, ku Chingola, ku Chambishi ndi ku Kansanshi, zoona tili nazo, koma zinamangidwira dothi la mumgodi, mabodi amabwera ndi bromini ndi klorini zomwe zimafuna kasefedwe kake.

Njira imene ine imandikoka mtima ndi ya madzi ndi mankhwala, chifukwa iyi Zambia imaidziwa kale. Ku Nchanga ku Chingola kuyambira 1974 akhala akuchotsa kopa mu zotsalira za mgodi pogwiritsa ntchito asidi wa sulphuric, ndipo panthawiyo inali fakitale yaikulu kwambiri ya mtunduwu pa dziko lonse. Mmene zimayendera, asidi amasungunula kopa madzi nkukhala a buluu, madziwo amawasakaniza ndi mafuta apadera omwe amagwira kopa yekha nkusiya zina zonse, kenako kopayo amamubwezera mu madzi oyera a asidi nkudutsitsamo magetsi, kopa amadzimata pa malata mpaka kukhala chimbale, ndipo asidi amabwerera koyambirira kukagwiranso ntchito. Pa mabodi mfundo ndi yomweyo, mumagaya, mumayamba mwachotsa kopa ndi tini chifukwa mukathamangira golide kopa amamwa mankhwala onse, kenako chotsalacho ndi chomwe mumachotsamo golide. Kumigodi ya golide amagwiritsa ntchito cyanide, poizoni woopsa, ndiye ofufuza akhala akusaka zolowa m'malo mwake. Thiosulfate ndi imodzi, mankhwala omwewo amene ojambula zithunzi akale ankatsukira mafilimu m'ma situdiyo, siipha ngati cyanide koma imatha msanga ndipo imavuta kuiwongolera. Thiourea imagwira mwachangu koma ikukayikiridwa kuti imayambitsa khansa. Glycine, yomwe ili ngakhale m'thupi mwathu, anaiyesa kwambiri ku Curtin University ku Australia, ndi yofatsa koma yochedwa.

Zina zafika kale pa fakitale. Royal Mint, opanga makobidi a ku Britain, anatsegula fakitale ku Llantrisant ku Wales mu 2024 yotha kulandira matani 4,000 a mabodi pa chaka, akugwiritsa ntchito mankhwala a kampani ya ku Canada yotchedwa Excir omwe amachotsa golide pa bodi mu mphindi zochepa popanda kutenthetsa, ndipo madziwo amawagwiritsanso ntchito mobwereza. Ku Flinders University mu 2025 gulu la Justin Chalker linaonetsa kuti mankhwala a klorini aja othira m'madamu osambira, mukawaphatikiza ndi madzi a mchere, amasungunula golide, kenako pulasitiki yopangidwa ndi salfa imamugwira. Ku ETH Zurich mu 2024 gulu la Raffaele Mezzenga linapanga chinkhupule kuchokera ku madzi otsala popanga tchizi, linachiviika mu madzi osungunula mabodi 20 a makompyuta nkutulutsa kagolide ka mamiligilamu 450. Nzokoma kumva, koma tisaiwale kuti mabodiwo anayamba asungunulidwa mu asidi wamphamvu kaye, chinkhupule chinangotola.

Apa ndi pomwe ndimafuna anthu amvetsetse, mawu oti njira yosawononga chilengedwe satanthauza kuti mungachitire mu beseni kuseli kwa nyumba. Ngakhale mankhwala atakhala ofatsa ngati mandimu, akangosungunula mtovu ndi kadimiyamu madziwo asanduka poizoni, funso limakhala lakuti madziwo mupita nawo kuti. Tonse tinaona mu February 2025 damu la zotsalira za asidi litaphulika ku Chambishi, madzi ake analowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba kufa, minda kupsa, Kitwe kutsekeredwa madzi, ndipo Kafue yemweyo ndi amene timamwa kuno ku Lusaka. Umisiri wa asidi tili nawo, chimene chimatigwetsa ndi kusamala madzi otsala.

Palinso ya tizilombo, imene anthu ambiri sakhulupirira akaimva koyamba. M'madzi owawasa a m'migodi mumakhala mabakiteriya otchedwa Acidithiobacillus ferrooxidans, chakudya chawo ndi ayironi ndi salfa. Amasintha ayironi wosungunuka m'madzi kukhala mtundu wolusa umene umadya kopa pa bodi, ayironiyo akatopa tizilombo timamudzutsanso, ndiye zimangozungulira choncho popanda kumawonjezera mankhwala ambiri. Chuku chakuda chija chomera pa anyezi, Aspergillus niger, chimapanga asidi wofanana ndi wa mu mandimu amene amasungunula zitsulo za mu mabatire. Pa golide pali bakiteriya wa pepo, Chromobacterium violaceum, amene amapanga cyanide pang'onopang'ono yekha, koma cyanide ndi cyanide ndithu ngakhale wapangidwa ndi kachilombo. Vuto lake ndi kuchedwa, chimene asidi amachita mu maola tizilombo timachita masiku kapena masabata, ndipo mukathira mabodi ambiri nthawi imodzi timafa, ndiye mumafunika mathanki aakulu pa katundu wochepa. Zimafuna chisamaliro ngati cha wofulula munkoyo, kutentha kukhale koyenera, kuwawasa kukhale koyenera, ukalakwitsa pang'ono mgolo wonse wawonongeka. Kampani ya ku New Zealand ya Mint Innovation inamanga fakitale ku Sydney yophatikiza ziwirizi, mankhwala amasungunula, tizilombo timatola golide. Kwa ife komwe kumatentha miyezi yambiri pa chaka ndiponso tili ndi ana ophunzira za migodi ku mayunivesite a UNZA ndi CBU, ndikuona kuti iyi ndi yoyenera kuiyesa mwakhama, koma m'malo oyesera osati m'komboni.

Sindingamalize osanena za mabatire, chifukwa chilala cha 2024 chitachepetsa kwambiri madzi mu damu la magetsi la Kariba ndipo malaiti akumapita pafupifupi tsiku lonse, aliyense amene anakwanitsa anagula sola, inveta, batire, matochi ochajisa ndi ma power bank, zambiri zotchipa zosakhalitsa. Zonsezo zikufa manje ndipo zikhala zikufa zaka zikubwerazi. Batire ya mtovu, ngati ya galimoto ija, imabwezeretseka pafupifupi yonse ikapita ku fakitale yoyenera, koma ikaswedwa ndi nkhwangwa, asidi kuthira pansi, mtovu kusungunula mu poto pa mbaula, ndiye kuti tabweretsa Kabwe pakhomo pathu. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994 koma mpaka lero ana a ku Chowa ndi ku Kasanda akupezeka ndi mtovu m'magazi, ndipo mtovu ukalowa mu ubongo wa mwana zomwe waononga sizibwerera, mwana amangovutika ku sukulu anthu nkumati ndi wopusa. Batire isaswedwe, ipite yathunthu ndi madzi ake. Za lithiyamu zija za m'mafoni vuto lake ndi moto, ikatupa osaiboola, matani tepi pa timitu take, isungeni mu ndowa yachitsulo ya mchenga kutali ndi pogona.

Malamulo alipo. ZEMA, bungwe la boma loyang'anira zachilengedwe, pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2011, ndi imene imapereka chilolezo chotolera, kusunga ndi kunyamula zinyalala zoopsa, ndipo kutumiza mabodi kunja kumadutsa mu pangano la Basel la 1989, lomwe kuyambira 1 January 2025 likufuna kuti zinyalala zonse zamagetsi zikamawoloka malire maiko okhudzidwa ayambe avomereza. Ndi chitetezo chabwino kuti tisasanduke dzala la ena, koma mnyamata wa wilibala sangakwanitse mapepala amenewo yekha, ndiponso aliyense wonyamula kopa amayamba wakayikiridwa kuti waba mawaya a kampani ya magetsi ya ZESCO. Nchifukwa chake ine ndimaona kuti chosowa chathu choyamba si fakitale ya golide ayi, ndi malo otolera m'misika ngati Soweto, Matero ndi Mtendere, okhala ndi sikelo yoona, buku lolemba yemwe wabweretsa, makina osendera mawaya oti aliyense agwiritse ntchito, ndi mtengo woposa wa kopa wowotcha kuti moto usakhalenso ndi phindu. Rwanda inatsegula fakitale yomasulira zinthu zotere ku Bugesera mu 2017, amamasula ndi kusankha komweko, zovuta amatumiza kunja. Kopa wathu woyera ali ndi kopita pafupi, ku Luanshya kuli Zamefa imene imapanga mawaya.

Ndinabwereranso kwa achimwene sabata yatha nditawafotokozera zonsezi. Katoni ija manje zakhala zitatu, imodzi ya mabodi a mafoni, ina ya machaja ndi mawaya, ndipo mabatire awachotsa awaika mu chitini cha penti chothira mchenga pakona. Pa thabwa la tebulo akhomera kalumo pakati pa misomali iwiri, amalowetsa waya nkukoka, pulasitiki imang'ambika kopa nkutuluka ali ngwee. Mnyamata wogula uja atabwera anayesa yekha mawaya angapo, anayang'ana kopayo nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti amalume, nanga topyapyala tija ta m'machaja tingasende bwanji, chifukwa pa kalumo timangoduka. Achimwene anamuuza kuti azingotisunga kaye m'thumba osawotcha, ndipo tonse awiri tikufunsafunsa mtengo wa kachigayo kodula mawaya, ngati okonza mafoni a mu mzere wawo angasonkherane.